Swala ikatha, chimatsala n'chiyani?

Msilamu wosunga Swala zisanu, mapemphero a tsiku ndi tsiku, amawerenga Surat al-Fatiha, sura yotsegulira Qur'an, ka 17 tsiku lililonse, osawerengerapo Swala zowonjezera za sunna. Chaka chikamatha amakhala atayiwerenga koposa ka 6,000. Mawu obwerezedwa chotere lilime limawadziwa lokha, ndipo thupi nalo silidikira kuuzidwa nthawi yowerama kapena yogwetsa mphumi pansi. N'zotheka ndithu kuyamba ndi Allahu Akbar mpaka kukapereka salaamu osaphonya liwu ngakhale limodzi, koma mtima uli ku ngongole, kuntchito, kapena ku mkangano wa dzulo. Zikapitirira choncho kwa zaka zambiri, tsiku lina munthu amadzifunsa chamumtima: kodi zonsezi zikundisintha pati?

Ambiri funsoli amaliopa. Amaliyesa manong'onong'o a Satana kapena chiyambi chotayirira pa chipembedzo, ndiye amalikankhira pansi n'kuwonjezera maraka, magawo a Swala a kuyimirira, kuwerama ndi kugwada. Ena amalimva bwinobwino koma amaliyankha mwachidule: amati chofunika ndi mtima basi, mkeka wopempherera n'kuupinda. Onsewa akuphonya chinthu chimodzi. Funsoli silidachokere kunja kwa Chisilamu. Qur'an yomweyo ndi imene idayamba kulifunsa, mwaukali kuposa wotsutsa aliyense, ndipo ophunzira a Chisilamu akhala akulimbana nalo kuyambira m'masiku a maswahaba, Asilamu oyamba amene adakhala ndi Mtumiki.

Chimene chidayamba kufika

Ndi bwino kuyamba ndi ndondomeko imene malamulo adabwerera, chifukwa ikusiyana ndi m'mene ambiri tidawaphunzirira. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iwo, adalandira chivumbulutso choyamba mu 610 kuphanga la Hira, ndipo Qur'an idapitiriza kutsika pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 23. Zaka 13 zoyambirira adali ku Makkah. Swala zisanu monga tikuzidziwira lero zidakhazikitsidwa chakumapeto kwa nthawi imeneyo, pa ulendo wa usiku wa Isra ndi Mi'raj, patapita zaka pafupifupi 10 chiyambireni uthenga. Kusala m'mwezi wa Ramadhan kudalamulidwa mu 624, chaka chachiwiri Asilamu atasamukira ku Madinah. Mowa udaletsedwa m'magawomagawo, ndipo lamulo lotsekeratu lidadza ku Madinah komweko. Hajj ndiyo idachedwa zedi: chisamukireni, Mtumiki adachita Hajj kamodzi kokha, mu 632, miyezi yochepa asanamwalire.

Sikuti Asilamu oyambirira sankapemphera. Ankapemphera, ndipo ankayimirira gawo lalikulu la usiku. Koma mndandanda wa malamulo udali waufupi, ndipo chimene chinkawadzaza m'makutu zinali sura zifupizifupi zokamba za Mlengi, imfa, kuuka m'manda, mwana wamasiye, wosauka, ndi mwana wamkazi wokwiriridwa wamoyo amene adzafunsidwe kuti adaphedwera tchimo lanji. Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki, adalongosola chifukwa chake m'mawu amene Imam al-Bukhari adasunga: zoyamba kutsika zinali sura zokamba za Jannah ndi Moto, ndipo anthu atakhazikika m'Chisilamu ndi pamene za halali ndi haramu zidatsika. Adati chikhala kuti choyamba kutsika chinali chakuti musamwe mowa, anthu akadayankha kuti mowa sitidzausiya mpaka kalekale. Swahaba wina, Jundub ibn Abdullah, adanenanso kuti iwo ali anyamata adaphunzira chikhulupiriro asanaphunzire Qur'an, ndipo ataphunzira Qur'an chikhulupiriro chawo chidakula.

Mwana wobadwira m'banja la Chisilamu amayenda njira yomweyo chobwerera. Amayamba ndi kusambitsa manja, nkhope ndi mapazi, kuloweza, kuwerama ndi kugwada, tanthauzo n'kudzabwera pambuyo. Palibe cholakwika pamenepo. Mwana amaphunzira ndi thupi asanaphunzire ndi nzeru. Vuto ndi lakuti kwa ambiri "pambuyo" pamenepo sipafika. Munthu amasiya madrasa ali ndi zaka 12, amakula, amaphunzira ntchito, amakwatira, amaika maliro a makolo ake, koma chipembedzo chake chili pamene adachisiyira ali mwana. Mafunso ndi a munthu wamkulu, mayankho ndi a mwana. Kuuma kumene ambiri amadandaula nako kumayambira apa, osati pa kuchepa kwa maraka.

Qur'an sinyengerera wopemphera

Sura 107, al-Ma'un, ili ndi ndime zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo ana amayiloweza msanga chifukwa ndi yaifupi. Koma tamvani zimene ikunena. Ikufunsa ngati wamuona wokana tsiku la chiweruzo, kenako ikumulongosola, osati ndi zimene amanena, koma ndi zimene amachita: amakankha mwana wamasiye, salimbikitsa zodyetsa wosauka. Apo ndi pamene ikutembenuka n'kunena kuti tsoka kwa opemphera, amene salabadira Swala yawo, ochita mwachiphamaso, omana ngakhale kathandizo kakang'ono. Swahaba Ibn Mas'ud adati kathandizo kameneka ndi zinthu monga mphika ndi chotungira madzi zimene anthu oyandikana amabwerekana. Tsokalo silikupita kwa wosapemphera. Likupita kwa munthu amene ali pamzere.

Chitsanzo china chidachitika Asilamu atakhala ku Madinah miyezi 16 kapena 17, pamene kibla, mbali yoloza popemphera, idasinthidwa kuchoka ku Jerusalem kuloza ku Ka'ba. Nkhaniyi idautsa mapiri pachigwa; anthu ankakangana kuti mbali yoyenera ndi iti, ena n'kumadandaula za abale awo amene adamwalira akuloza mbali yakale. M'Sura 2, yomweyo imene ikulamula kusinthako, ndime 177 ikunena kuti ubwino si kutembenuzira nkhope kuvuma kapena kuzambwe. Ubwino ndi wa munthu wokhulupirira Allah ndi tsiku lomaliza, wopereka chuma chimene akuchikonda kwa abale, amasiye, osauka, apaulendo ndi opempha, wosunga Swala, wopereka zakaat, wokwaniritsa lonjezo, wopirira pa mavuto. Onani kuti Swala ilimo m'ndimeyi, sidachotsedwe. Koma yaikidwa pakati pa zinthu zina, ndipo zambiri mwa izo zimachitikira kunja kwa mzikiti.

Pafupifupi lamulo lililonse la mapemphero lidabwera ndi chifukwa chake pambali. Swala: Allah akuti undikumbukire nayo (Sura 20, ndime 14), komanso imatchinjiriza ku zonyansa ndi zoipa (29:45). Kusala: kuti muope Allah (2:183). Zakaat: kuti iwayeretse (9:103), ndi chenjezo lakuti musawononge sadaka zanu ndi kukumba kapena kunyoza amene mwamupatsa (2:264). Za nyama yozingidwa, ndime 37 ya Sura 22 ikunena mosapsatira kuti nyama yake ndi magazi ake sizifika kwa Allah. Chimene chimafika ndi kumuopa kwanu. Ndipo pamene Aluya ena akuchipululu adabwera kudzanena kuti takhulupirira, adawayankha kuti ayi, nenani kuti tagonjera, chifukwa chikhulupiriro sichinalowe m'mitima mwanu (49:14). Sadawathamangitse m'Chisilamu. Adangowauza poyera kuti ulendo ukadalipo.

Swala yokwanira ndi Swala yolandiridwa

Umar ibn al-Khattab adasimba za tsiku limene mlendo wovala zoyera kwambiri, wa tsitsi lakuda bii, wopanda zizindikiro za ulendo, adalowa n'kukhala moyang'anizana ndi Mtumiki. Adafunsa za Chisilamu, ndipo adamuyankha ndi nsichi zisanu: shahada, Swala, zakaat, kusala ndi Hajj. Adafunsa za imani, kapena kuti chikhulupiriro, adamuyankha ndi zinthu zisanu ndi chimodzi zoyenera kukhulupirira. Kenako adafunsa za ihsani. Yankho lidali lakuti ndi kupembedza Allah ngati ukumuona, ndipo ngakhale sukumuona, Iye akukuona. Mlendoyo atachoka, Mtumiki adati ameneyo adali mngelo Jibril, adabwera kudzakuphunzitsani chipembedzo chanu. Zitatu zonsezo pamodzi ndi zimene adazitcha chipembedzo. Nsichi zimagwira nyumba, ndipo popanda izo denga limagwa, koma palibe amene amazika nsichi zisanu pabwalo n'kunena kuti wamanga.

M'kupita kwa zaka, gawo lililonse lidabala maphunziro ake. Zochita za thupi zidabala fiqhi, imene pakati pa Asunni idakhazikika m'madhihabu anayi a Hanafi, Maliki, Shafi'i ndi Hanbali. Zokhulupirira zidabala maphunziro a akida. Gawo lachitatu lidatchedwa mayina osiyanasiyana, ena tazkiya, ena tasawwuf, ena kungoti kuyeretsa mtima.

Apa pali mfundo imene imathandiza kumvetsa nkhani yonseyi. Shehe wa fiqhi angakuuzeni ngati Swala yanu yakwanira: wudhu, kusamba kokonzekera Swala, unalipo, nthawi inali itakwana, munaloza kibla, nsichi za Swala zonse zinachitika. Akatero wamaliza ntchito yake, ndipo ntchito imeneyi ndi yofunika, chifukwa popanda iyo aliyense akadangopeka zake. Ophunzira ambiri amati Swala ya munthu amene maganizo ake amayendayenda ndi yokwanira, safunika kuibwereza. Koma kukwanira ndi kulandiridwa ndi zinthu ziwiri. Ammar ibn Yasir adamva Mtumiki akunena kuti munthu amatha kumaliza Swala koma chomulembera n'kukhala gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena limodzi mwa asanu ndi anayi, kumka nakwera mpaka theka. Gawo lotsalalo palibe mufti angaliyeze. Ndiye munthu akamati ndimachita zonse molondola koma sindimva kanthu, mwina sakunama mbali zonse ziwiri. Wakhoza mayeso a fiqhi, koma funso lachitatu la Jibril sanaliyambe.

Chimodzi mwa zotchinga n'chodziwikiratu: chiyankhulo. Mwa Asilamu onse padziko, Aluya ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu. Otsalawo amapemphera m'chiyankhulo chimene sadayamwire. Kusunga Chiarabu m'Swala kuli ndi phindu lalikulu, chifukwa munthu wa ku Jakarta ndi wa ku Dakar amayimirira mzere umodzi popanda womasulira. Koma mtengo wake ndi wakuti munthu angakalambe akunena mawu amene sadafunsepo tanthauzo lake. Chodabwitsa n'chakuti mawu obwerezedwa m'Swala ndi ochepa, oti munthu wamkulu angawamvetse m'milungu yowerengeka atafuna. Ndipo al-Fatiha si ndakatulo yongolakatula. M'hadisi, mawu ochokera kwa Mtumiki, imene Imam Muslim adasunga, Allah akuti adayigawa pakati pa Iye ndi kapolo wake. Kapolo akati kuyamikidwa konse n'kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa, Allah amati kapolo wanga wandiyamika. Akafika pa ndime yakuti Inu nokha tikupembedza, Inu nokha tikupempha chithandizo, Allah amati iyi ili pakati pa Ine ndi kapolo wanga, ndipo kapolo wanga apeza chimene wapempha. Munthu wodziwa kuti pa ndime iliyonse pali yankho amachepetsa liwiro yekha, popanda womuuza. Kunja kwa Swala khomo n'lotseguka kale: duwa imapemphedwa m'chiyankhulo chilichonse, ndi mawu a mwini wake, ngakhale osalongosoka.

Muyeso uli kunja kwa mzikiti

Anthu akamakamba zopeza tanthauzo m'chipembedzo, kawirikawiri amatanthauza kumva kukoma: misozi pa duwa, mtima kuzizira, tsitsi kuyimirira imamu akamawerenga. Zimenezi zilipo ndipo ndi mphatso. Mtumiki ankauza Bilal kuti aitane Swala kuti apumule nayo, ndipo Qur'an ikuti mitima imakhazikika pokumbukira Allah (13:28). Koma mukasanthula mahadisi, muyeso umene ukubwerezedwa si wa zimene munthu akumva. Ndi wa zimene anzake akumva kuchokera kwa iye.

Tsiku lina Mtumiki adafunsa maswahaba ngati akumudziwa wolephereratu pa chuma. Iwo adati ndi wopanda ndalama ndi katundu. Adawayankha kuti ayi, ndi munthu amene adzabwere tsiku la Kiyama ndi Swala, kusala ndi zakaat, koma adatukwana uyu, adanamizira uyo, adadya chuma cha wina, adakhetsa magazi a wina, adamenya wina. Zabwino zake zidzagawidwa kwa anthu amenewa, ndipo zikatha ngongole isanathe, machimo awo adzamusenzetsa. Za kusala adanena kuti amene sasiya bodza ndi kulichita, Allah alibe nazo ntchito zoti wasiya chakudya ndi chakumwa. Mkazi wina adalowa ku Moto chifukwa cha mphaka amene adamutsekera mpaka kufa ndi njala. Wina, wodziwika ndi chiwerewere, adakhululukidwa chifukwa adatungira madzi galu waludzu ndi nsapato yake. Ndipo pali hadisi imene imandilasa kuposa zonse: Allah adzati, iwe mwana wa Adamu, ndidadwala koma sudandizonde. Munthu adzadabwa kuti ndikadakuzondani bwanji Inu muli Mbuye wa zolengedwa. Yankho lidzakhala lakuti kapolo wanga uje adadwala, ukadapita ukadandipeza kwa iye.

Amene akufunafuna Allah m'kumva kwa mtima wake yekha angachite bwino kuwerenganso pamenepo. Malo amene atchulidwa ndi pambali pa wodwala.

Chimene chimalumikiza mkati mwa mzikiti ndi kunja kwake ndi niya, cholinga cha mumtima. Imam al-Bukhari adatsegula buku lake lonse ndi hadisi yakuti ntchito zimayendera niya, ndipo Imam al-Nawawi, amene adamwalira mu 1277, adayiikanso poyamba m'buku lake lotchuka la mahadisi. Ambiri tidaphunzira niya ngati mawu onenedwa Swala isanayambe, koma ndi yaikulu kuposa pamenepo. Mtumiki adauza Sa'd ibn Abi Waqqas kuti chilichonse chimene angapereke pofuna chiyanjo cha Allah adzalipidwa nacho, ngakhale chakudya chimene waika m'kamwa mwa mkazi wake. Ndiye kuti tsiku la munthu siligawika pawiri, mphindi zochepa za Allah ndi maola ambiri a dziko. Kulera mwana, kuyeza sikelo mwachilungamo, kusanama pa lipoti la kuntchito, zonsezi zingakhale kupembedza.

Niya yomweyo imathanso kugwetsa ntchito yaikulu. Oyamba kuweruzidwa tsiku la Kiyama, malinga ndi hadisi ya Imam Muslim, adzakhala atatu: wofera kunkhondo, wophunzira Qur'an ndi kuiphunzitsa, ndi wachuma wopatsa. Aliyense adzauzidwa kuti wanama. Udachita kuti anthu anene kuti ndiwe wolimba mtima, wophunzira, wopatsa, ndipo adanena kale. Masiku ano, pamene chithunzi cha pa Ka'ba chimafika pa Facebook mwini wake asanamalize tawafu, kuzungulira Ka'bayo, hadisi imeneyi sikusowa womasulira. Koma tisafulumire kuloza chala. Chiphamaso chili mumtima, ndipo amene sajambula zithunzi angathe kumadzitama chamumtima kuti iye sajambula.

Kodi wafika angasiye?

Nkhaniyi idagawapo Asilamu, ndipo ikuwagawabe. Chuma chitachuluka m'maufumu oyambirira, padadzuka anthu odziletsa monga Hasan al-Basri, amene adamwalira mu 728, ochenjeza kuti dziko lameza mitima. Ku Basra komweko kudali Rabi'a al-Adawiyya, amene adamwalira cha m'ma 801. Pemphero limene anthu amati ndi lake limati ngati ndikukupembedzani poopa Moto ndiotcheni nawo, ngati n'chifukwa chofuna Jannah ndimaneni, koma ngati n'chifukwa cha Inu nokha musandibisire kukongola kwanu. Ena amawaona mawuwa ngati nsonga ya chikondi. Ena amayankha kuti Qur'an imayamikira aneneri amene ankapempha mwa chiyembekezo ndi mantha (21:90), ndiye ndani angawapose? Mkangano udafika poopsa ndi al-Hallaj, amene adaphedwa ku Baghdad mu 922 pa mlandu wosakanikira mawu ake achilendo ndi ndale za nthawiyo.

Pambuyo pake padabadwa matarika, magulu a Asufi otsata njira ya tasawwuf, monga Qadiriyya yotchedwa ndi dzina la Abd al-Qadir al-Jilani amene adamwalira mu 1166, ndipo adafalitsa Chisilamu m'madera ambiri a Africa ndi Asia. Padadzukanso otsutsa miyambo ina ya matarikawo, wotchuka kwambiri ndi Ibn Taymiyya amene adamwalira mu 1328. Mpaka lero pali mizikiti imene sigwirizana pa za zikiri ya pagulu, kutchula Allah mobwereza anthu ali pamodzi, ndi kuyendera manda a anthu olungama.

Chimene chimaiwalika m'phokosoli n'chakuti pa funso lathu akuluakulu a mbali zonse adagwirizana. Al-Junayd wa ku Baghdad, amene Asufi amamutenga ngati mtsogoleri wawo ndipo adamwalira mu 910, atamva za anthu onena kuti afika pa mlingo woti ntchito za kupembedza zawachokera, adati wakuba ndi wachigololo ali bwino kuposa wonena zimenezo. Ibn Taymiyya, kumbali inayo, ankamulemekeza al-Junayd, adalemba za matenda a mtima ndi mankhwala ake, ndipo wophunzira wake Ibn al-Qayyim adalemba buku lalikulu la masiteji a ulendo wa mtima. Palibe mwa iwo adati mtima ndi wosafunika, palibenso adati Swala ndi ya ongoyamba kumene. Hadisi ya al-Bukhari imaika ndondomeko yake poyera: kapolo sayandikira kwa Allah ndi chinthu chokondedwa kuposa zimene adamulamula, kenako amapitiriza kuyandikira ndi zowonjezera mpaka Allah amamukonda. Mtumiki mwini wake ankayimirira usiku mpaka mapazi kutupa, ndipo atafunsidwa chifukwa chake pamene adakhululukidwa kale, adati kodi ndisakhale kapolo wothokoza?

Ine ndimaona kuti mawu akuti "mtima wanga ndi woyera, Allah akudziwa" ndi ulesi womwewo wa munthu wothamangitsa maraka, wangovala malaya ena. Onse awiri apeza njira yopewera kudzifufuza. Wina wabisala m'mwambo, wina wabisala m'mtima umene palibe angautsegule.

Kupyola malire kumbali inayo nako kudakanidwa. Amuna atatu adafunsa za mapemphero a Mtumiki kunyumba, n'kuwaona ngati ochepa. Wina adati adzapemphera usiku wonse, wina adzasala osalekeza, wina sadzakwatira. Mtumiki adawauza kuti iye amasala ndi kumasula, amapemphera ndi kugona, ndiponso amakwatira, ndipo wokana njira yake si wake. Salman al-Farsi adapeza m'bale wake m'chipembedzo, Abu al-Darda, atanyalanyaza mkazi wake chifukwa cha mapemphero. Adamukakamiza kudya ndi kugona, n'kumuuza kuti Mbuye wako ali ndi gawo lake pa iwe, thupi lako lili ndi gawo lake, banja lako lili ndi gawo lake. Mtumiki atamva adati Salman wanena zoona.

Nanga masiku ouma? Hanzala, mmodzi wa alembi a Mtumiki, adakumana ndi Abu Bakr n'kumuuza kuti Hanzala wasanduka wachiphamaso. Adati tikakhala ndi Mtumiki zimakhala ngati Jannah ndi Moto tikuziona ndi maso, koma tikabwerera kwa akazi, ana ndi minda timaiwala zambiri. Abu Bakr sadamudzudzule. Adati inenso zimandichitikira. Atapita kwa Mtumiki adawayankha kuti mukadakhala choncho nthawi zonse angelo akadakupatsani moni wa m'manja pamabedi panu ndi m'misewu, koma Hanzala, pali nthawi ya ichi ndi nthawi ya icho. Ngakhale maganizo okayikitsa sadatengedwe ngati mlandu. Maswahaba ena atadandaula kuti m'mitima mwawo mumabwera zinthu zoopsa kuzitchula, adauzidwa kuti kuipidwa nazo kumeneko ndicho chikhulupiriro chenicheni. Mneneri Ibrahim yemwe adapempha kuona m'mene akufa amaukitsidwira, osati chifukwa sankakhulupirira, koma kuti mtima wake ukhazikike (2:260).

Mphunzitsi amene lilime lidamukanira

Palibe munthu amene nkhaniyi idamugwira poyera ngati Abu Hamid al-Ghazali. Adabadwira ku Tus, m'dziko limene lero ndi Iran, mu 1058. Mu 1091 nduna yaikulu Nizam al-Mulk idamuika kukhala mphunzitsi pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad, mpando wapamwamba kwambiri wa maphunziro m'nthawi imeneyo. Ophunzira ake adali pafupifupi 300, ndipo akuluakulu a boma ankamufunsa nzeru. Sadali munthu wosiya Swala kapena wosadziwa malamulo. Malamulowo ankawaphunzitsa ndi iye.

M'buku lofotokoza za moyo wake adalemba kuti atafufuza niya yake pa uphunzitsiwo adapeza kuti sinali ya Allah. Chomuyendetsa chidali ulemu ndi kutchuka. Kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi mu 1095 ankati m'mawa achoke, madzulo n'kusintha maganizo. Kenako lilime lidakana. Ankayimirira pamaso pa ophunzira koma liwu osatuluka, chakudya chidaleka kulowa, ndipo asing'anga adagwa mphwayi n'kunena kuti vutoli lili mumtima. Chakumapeto kwa chaka chimenecho adasiyira ana ake zowakwanira, chuma chotsala adagawa, adalengeza kuti akupita ku Makkah pamene cholinga chake chenicheni chidali Syria, poopa kuti akadamuletsa. Ku Damascus ankakwera nsanja ya mzikiti waukulu n'kudzitsekera m'menemo tsiku lonse. Adapita ku Jerusalem, adachita Hajj, kenako adabwerera kwawo ku Tus.

M'zaka zimenezi ndi m'mene adalemba Ihya Ulum al-Din, mabuku 40 ogawidwa m'zigawo zinayi. Kakonzedwe kake kakuyankha funso lathu. Chigawo choyamba ndi cha mapemphero omwe aja, wudhu, Swala, zakaat, kusala, Hajj, koma pa chilichonse akufunsa chimene chiyenera kuchitika mkati. Za Swala akutchula zinthu zisanu ndi chimodzi: mtima kukhalapo, kumvetsa mawu, kulemekeza, kunthunthumira, chiyembekezo, ndi manyazi a munthu wodziwa kuperewera kwake. Akunenanso kuti mtima umapita kumene kuli chimene munthu amachiwerengera, ndiye mankhwala a maganizo oyendayenda si kulimbana nawo pa mkeka pokha, koma kuyang'ana chimene chawakoka tsiku lonse. Chigawo chachiwiri ndi cha moyo wamba: kudya, ukwati, malonda, ubwenzi, ulendo. Chachitatu ndi cha zowononga, monga lilime, mkwiyo, kaduka, kukonda ulemu, chiphamaso ndi kudzikweza. Chachinayi ndi cha zopulumutsa, kuyambira kulapa, kupirira ndi kuthokoza mpaka kukumbukira imfa.

Bukuli silidalandiridwe ndi onse. Ku Cordoba lidatenthedwa, ndipo akatswiri a hadisi adapezamo mahadisi ambiri ofooka; al-Iraqi, amene adamwalira mu 1404, adagwira ntchito yowasanthula imodzi ndi imodzi. Wowerenga lero ayenera kudziwa zimenezi. Sikutinso aliyense wouma mtima asiye ntchito ndi banja n'kukadzitsekera pansanja. Nkhani ya Salman ndi Abu al-Darda ikukana zimenezo, ndipo al-Ghazali yemwe sadakhalitse kutali. Mu 1106 adavomera kuphunzitsanso, ulendo uno ku Nizamiyya ya ku Nishapur. Poopa kuti anthu anena kuti wabwerera ku zakale, adalemba kuti kale ankafalitsa maphunziro opezera ulemu, tsopano akuitanira ku maphunziro osiyira ulemuwo. Patapita zaka zochepa adabwerera ku Tus, kumene adali ndi kasukulu ndi malo a ophunzira ake pafupi ndi nyumba yake, ndipo adamwalira komweko mu 1111 ali ndi zaka 53.